Granite wa kukhitchini wandikhutiritsa, marble wa kubafa wandivuta

Titamaliza nyumba yathu ku Lilongwe tidaitana amisiri a miyala kuti atiikire pamwamba pa makabati a kukhitchini ndi pozungulira beseni la kubafa. Kukhitchini tidasankha granite wakuda wochokera ku Mutoko, ku Zimbabwe, wokhuthala mamilimita 30. Kubafa ndine ndidaumirira marble woyera wa mizere yotuwa, chifukwa nditangomuona mtima udakana kuchokapo. Papita chaka ndi miyezi 8 tikugwiritsa ntchito.

Kaikidwe kake ndilibe nako mawu. Adabwera kawiri kudzayeza, bowo la sinki adaboola bwino, ndipo polumikizira miyala iwiri sipaoneka pokhapokha utapapasa ndi chala.

Granite ndi mwala wopirira. Ndimaphikira anthu 7 tsiku ndi tsiku, pamagwera tomato, mafuta, msuzi wa nyama, koma ndikapukuta ndi kansalu ndi sopo wotsukira mbale amawala ngati dzulo. Mpeni sumukanda, umabuntha ndi mpeniwo, ndiye ndimadulira pathabwa. Poto wa nsima ndidamutula pamenepo kangapo osaona banga, komabe ndidaleka chifukwa guluu wa polumikizira sagwirizana ndi kutentha. Chimene muyenera kudziwa anzanga n'chakuti mwala wakuda subisa kanthu. Kaufa pang'ono kamaonekera patali, ndipo ife timagwiritsa ntchito madzi a pamjigo, amene akauma okha amasiya timadontho toyera pafupi ndi mpopi. Mankhwala ake n'kupukuta ndi nsalu youma ukangomaliza kutsuka mbale.

Marble ndiye wandipweteka mtima. Patangotha milungu itatu, mtsikana amene amatithandiza pakhomo adatsukapo ndi mankhwala a m'chimbudzi, pofuna kuti payere bwino. M'mawa mwake pamene padali ponyezimira padasanduka mbuu, ngati pathiridwa phulusa. Ndidapukuta, ndidapaka sopo, osasintha. Sindidamudzudzule mwanayo, poti ngakhale ine sindinkadziwa. Marble ndi mbale wake wa mwala wa laimu, ndipo chilichonse chowawasa chimamudya: mandimu, viniga, mankhwala ochotsa zoyera za madzi. Chimene ndinkachiyesa banga kudali kudyeka kwa mwala weniweniwo. Amisiri aja adachita kubwera ndi makina n'kupalanso kuti kuwala kubwerere, ndipo adandilipiritsa.

Dandaulo langa lili pamenepo. Pogula, amisiriwo adandiuza kuti apaka sealer, mankhwala otetezera mwala, ndiye palibe chodetsa nkhawa. Sealer amangochedwetsa madzi ndi mafuta kulowa m'mwala, satchinga asidi. Akadandiuza zimenezi tsiku lomwelo ndikadaika granite konse, kapena ndikadachenjeza a m'nyumba mwanga. Munthu wogulitsa mwala wodula chonchi sayenera kusiya wogula kuti adziwire pa kuwonongeka.

Mmisiri amene adabwera kudzapala, bambo wachikulire wofatsa, ndiye adandiphunzitsa zenizeni. Adati, "Mayi, donthezani madzi pamwala mudikire mphindi 15. Mukapukuta n'kuona pada, mwala wamwa, ufunika sealer." Pa marble padadadi. Pa granite wa ku Mutoko madzi adangokhala pamwamba, ndipo adandilangiza kuti ndisamupake chilichonse, chifukwa mwala wothinana chotere sumwa, sealer amangouma pamwamba n'kuchita chifunga. Adandionetsanso kachotsedwe ka mafuta a tsitsi amene adalowa pakona: kusakaniza soda ndi madzi pang'ono kuti akhale phala lolimba, kumata pabangapo, kuphimba ndi pulasitiki n'kusiya tsiku lathunthu. Nditachita kawiri banga lidazimirira pafupifupi lonse.

Pano kubafa timatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wamba basi, palibe Vim, palibe sitiliwulu, ndipo mabotolo a mafuta ndi mafuta onunkhira amakhala pa kathireyi. Marble akadali wokongola, koma amafuna kumuyang'anira ngati khanda, ndipo m'nyumba ya ana asukulu zimenezi n'zotopetsa.

Pa nyenyezi 5, granite ndikumupatsa zonse 5, marble 3, amisiri 4. Imodziyo ndawachotsera chifukwa chosalangiza. Ndidawapempha kuti azisiyira makasitomala kapepala ka kasamalidwe kolembedwa m'Chichewa, koti n'kumata kuseri kwa chitseko cha kabati, popeza amene amatsuka miyalayi tsiku ndi tsiku nthawi zambiri si amene adakagula.