mgh kapena ½mv², mugwiritse iti?

Njerwa ya 2 kg yagwa kuchoka padenga, mamita 5 mmwamba, ifika pansi ndi kinetic energy (mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chikamayenda) yochuluka bwanji? Njira zilipo ziwiri. Apa m ndi kulemera kwa chinthu mu kg, g ndi mphamvu yokokera zinthu pansi (titenga 10), h ndi kutalika, v ndi liwiro.

Ya mgh: 2 × 10 × 5, ansala 100 J (ma joule, muyezo wa energy), mwamaliza.
Ya ½mv²: muyambe mwapeza liwiro, apa ndi 10 m/s (kuchokera ku v² = 2gh), kenako ½ × 2 × 10 × 10, yomweyo 100 J.

mgh ndiyachangu koma imafuna chinthu chogwa, ndipo mphepo sitikuyiwerengera. ½mv² imagwira paliponse, njinga, minibasi, mpira, kungoti ambiri amaiwala kuchulukitsa liwirolo ndi lokha, zimandipweteka zimenezi chifukwa mamakisi amapita chonchi, komanso akakupatsani km/h gawani kaye ndi 3.6 kuti ikhale m/s, apo ayi zonse zalakwika.

Funso likapereka kutalika tengani mgh, likapereka liwiro ½mv² basi.