Kabala koonetsa UFC ku Kapata

Kabala aka ka ku Kapata ndi komwe timaonera UFC, mpikisano wa ndewu zosakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, ndewu zimayamba mbandakucha koma eni ake amatsegulabe, apo ndiwapatsa ulemu. TV ndi yayikulu, jenereta ilipo, mabenchi okha ndiye mavuto, msana umachita kuwawa.

Ogasiti 2025 tinadzaza kuonera Chimaev akulanda lamba kwa Du Plessis, pafupifupi maraundi onse asanu Du Plessis ali pansi, anthu kungoti zii. Kenako mkangano, ati Du Plessis watha basi, ine ndinakana. Taonani Adesanya, yemwe kale anali ndi lamba yemweyu, ataluza kwa Strickland mu 2023 anamupatsabe ndewu ya lamba mu 2024 poti dzina limagulitsa, ataluzanso m'pamene anayamba kutsika mpaka Imavov kumugwetsa.

Koma mowa amakweza mtengo usiku, zimenezo ayi aise.