Internet Archive ndimaikonda, koma mabuku a pashelefu sinditaya

Ndimagwira ntchito m'laibulale, ndipo tsamba la archive.org ndimalitsegula pafupifupi tsiku lililonse. Ndinene poyambirira kuti ndi lothandiza kwabasi, ndi laulere, ndipo aliyense wokonda kuwerenga ayenera kulidziwa. Chomwe ndimakana ndi maganizo amene akufala pakati pa oyang'anira malaibulale ena, oti poti zinthu zajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, mabuku akale angochotsedwa kuti malo apezeke.

Tsambali ndi la bungwe la Internet Archive, limene limasunga mabuku ndi zinthu zina pa intaneti. Bungweli analiyambitsa ndi Brewster Kahle mu 1996 ku San Francisco, ndipo si la malonda. Mbali yake yotchuka ndi Wayback Machine, yomwe inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001. Imasunga masamba a pa intaneti monga momwe ankaonekera tsiku lakutilakuti. Wophunzira amabwera thukuta lili kamukamu, lipoti limene analitchula mu kafukufuku wake lasowa pa webusaiti ya eni ake. Timakopera adiresi ija n'kuiika mu Wayback, ndipo kawirikawiri lipotilo limatulukira. Pa ntchito iyi yokha pepala silingapikisane nayo, chifukwa zambiri zolembedwa masiku ano sizinafikepo n'komwe pa pepala.

Koma mtima wanga uli ku mabuku. Kajambulidwe kawo kamandisangalatsa chifukwa kamalemekeza buku. Makina awo otchedwa Scribe ali ndi pogonekapo buku pooneka ngati chilembo cha V kuti msana wa buku usathyoke. Galasi limapanikiza masamba, makamera awiri amajambula, ndipo munthu ndi amene amatembenuza tsamba lililonse ndi dzanja. N'chifukwa chake ukatsegula buku lakale pa kompyuta umaona zonse: chidindo cha laibulale imene linachokera, mawu amene wowerenga wina analemba m'mbali ndi pensulo, ngakhale banga la madzi. Mabuku amene umwini wake unatha, kutanthauza amene lamulo sililetsa kuwakopera, ungathe kuwakopera onse ngati fayilo ya PDF kapena EPUB. Ndiye pali kufufuza mawu m'kati mwa buku. Dzina limene ukanalisaka masana onse m'buku lopanda mlozera, umalipeza usanamalize kukhala bwino pampando.

Phindu lina limene owerenga saliona ndi loti buku lofooka limapuma. Mapepala ambiri opangidwa kuchokera chapakati pa zaka za m'ma 1800 anali a mitengo ndipo ali ndi asidi. Amasanduka achikasu, kenako amathetheka ukangopinda ngodya. Buku lotere dzanja lililonse lolikhudza limalifupikitsira moyo. Ndikapeza kuti linajambulidwa kale, wowerenga ndimamupatsa la pa kompyuta, lenilenilo n'kubwerera m'bokosi lake.

Pofufuza mawu paja pali malire ake. Kompyuta imachita kuwerenga chithunzi cha tsamba n'kuyerekeza zilembo, ndipo pa zilembo zachikale, pa inki yofufuta, kapena pa zilankhulo zimene sinaphunzitsidwe mokwanira, imalakwitsa. Mawu akapanda kutuluka pofufuza sizitanthauza kuti m'bukumo mulibe. Tsegulani tsamba lenilenilo muone ndi maso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mabuku obwereka. Bungweli linkajambula mabuku amene umwini wake udakalipo n'kumabwereketsa munthu mmodzi pa kope limodzi, monga laibulale wamba. Mu Malichi 2020, malaibulale atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, linachotsa malire amenewo kwa kanthawi. Mu Juni chaka chomwecho ofalitsa mabuku anayi, Hachette, HarperCollins, Wiley ndi Penguin Random House, anakalisumira. Khoti la ku New York linagamula mokomera ofalitsawo mu Malichi 2023, apilo nayo inakanika mu Sepitembala 2024, ndipo bungweli linalengeza kuti mabuku oposa 500,000 achotsedwa pa obwereketsa. Taganizani bwino pamenepa. Mabuku amenewa sanadyedwe ndi chiswe, sanapse, sananyowe. Mafayilo ake alipo, koma wowerenga sangawabwerekenso monga kale. Laibulale imene inataya makope ake podalira amenewo inatsala manja lende. Buku la pepala limene laibulale inagula limakhalabe pashelefu ngakhale wofalitsa asinthe maganizo.

Mu Okutobala 2024 zinadziwika kuti akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a bungweli n'kutenga zokhudza maakaunti okwana pafupifupi 31 miliyoni, ndipo tsambali linatsekedwa kwa masiku angapo. Zosungidwazo sizinawonongeke, ndipo ogwira ntchito anayesetsa mpaka zinthu zinabwerera. Komabe dziko lonse linaona kuti khomo lolowera ndi limodzi.

Sindikunena kuti pepala silifa. Laibulale yaikulu ya ku Sarajevo inapsa mu Ogasiti 1992 pa nthawi ya nkhondo, ndipo zambiri zimene zinali m'menemo zinalibe kope kwina. Chinyontho, nkhungu ndi tizilombo timalimbana nazo chaka ndi chaka. Fayilo ili ndi mwayi woti ingakoperedwe n'kusungidwa m'maiko angapo popanda kutaya chilembo n'chimodzi chomwe. Kusiyana kwake n'koti pepala labwino likaikidwa pouma, pozizira ndi pamdima, lingaiwalike zaka zambirimbiri n'kuwerengekabe, pomwe fayilo imafuna magetsi, ndalama, makina atsopano ndi munthu woisamutsa nthawi ndi nthawi. Ku England kaundula wa malo wa Domesday wa mu 1086, wolembedwa pa zikopa, alipobe ku Kew, mumzinda wa London, ndipo amawerengeka. BBC inapanga mnzake wamakono mu 1986 pa zimbale za LaserDisc, koma pasanathe zaka 20 makina oziwerengera anali atasowa, mpaka akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan anachita kuzipulumutsa.

A Internet Archive eni ake amazidziwa zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndimawapatsira ulemu waukulu. Ali ndi nyumba yosungiramo katundu ku Richmond, m'chigawo cha California, momwe amasunga mabuku enieni a pepala m'makontena. Cholinga chawo n'choti akhale ndi kope limodzi la buku lililonse limene angalipeze, kuti pakabuka kukayikira pa fayilo, kapena pakabwera makina ojambula bwino, pakhale pobwerera. Anthu amene moyo wawo wonse ndi wojambula mabuku akusunga pepala.

Kwa amene mukufuna kuyamba: mabuku amene umwini wake unatha mungawawerenge popanda akaunti, koma kubwereka kumafuna kulembetsa. Buku laulere limene mukulidalira pa ntchito yanu musangosunga adiresi yake, likopereni, ndipo muliike malo awiri osiyana. Tsamba la pa intaneti limene mukulitchula mu zolemba zanu, lisungeni tsiku lomwelo pogwiritsa ntchito chida chotchedwa Save Page Now, pa Wayback pomwepo, eni ake asanalisinthe kapena kulifufuta.