Paul Sauer wa 2003, 2009, 2015 ndi 2017 patebulo limodzi ku Avondale

Mkangano wake anauyambitsa ndi alamu anga. Iwo amakhulupirira kuti vinyo wofiira akamakalamba ndi pamene amakoma, palibenso zina. Ine ndinkati zimatengera chaka chake komanso kumene botololo lakhala likugona. Titatopa kukangana pa WhatsApp tinagwirizana kuti lilime ndilo liweruze: aliyense abweretse vinyo mmodzimodziyo koma wa chaka chosiyana, achemwali aphike mchira wa ng'ombe, tikumane kwawo ku Avondale, kuno ku Harare, Loweruka madzulo.

Tinasankha vinyo wotchedwa Paul Sauer wa ku Kanonkop, munda wa mphesa uli m'tsinde mwa phiri la Simonsberg ku Stellenbosch, m'dera la Cape ku South Africa, chifukwa tonse timamudziwa ndipo opita ku Joni savutika kumupeza. Chaka cholembedwa pa botolo ndi chimene mphesa zinathyoledwa, ndipo kumeneko amathyola cha mu February ndi March. Vinyoyu ndi wosakaniza mitundu itatu ya mphesa: Cabernet Sauvignon ndiye wochuluka, n'kuwonjezera Cabernet Franc ndi Merlot, kenako amagona pafupifupi zaka ziwiri m'migolo ya mtengo wa oak ya ku France asanalowe m'botolo. Munda ndi womwewo, kapangidwe n'komweko, ndiye kusiyana konse kuchokere ku mvula, dzuwa ndi kasungidwe. Alamu sachedwa kutikumbutsa za anyamata anayi a kuno ku Zimbabwe, mmodzi mwa iwo Tinashe Nyamudoka, amene mu 2017 anakapikisana ku France pa kulawa vinyo osaona botolo. Nafenso tinatengera zomwezo: achemwali anakulunga mabotolo m'nyuzipepala kukhitchini, n'kulemba manambala.

Botolo la 2003 silinafunike kulibisa. Anabwera nalo atsibweni a ku Mufakose, mphatso imene analandira kuntchito zaka zambiri zapitazo. 2003 chinali chaka chabwino ku Stellenbosch, ndipo vinyo wake akanasungidwa bwino bwenzi tikunena zina. Koma atsibweni analiimika chilili mu kabati ya pabalaza, pambali pa mbale za alendo, kuti aliyense wolowa aziliona. Botolo likaima chilili, chotsekera chake chimauma n'kuyamba kulowetsa mpweya. Onjezerani kutentha kwa October kuno ku Harare, chaka ndi chaka, m'nyumba yopanda siling'i. Chotsegulira chitangolowa, chotsekeracho chinanyenyeka ngati bisiketi, tinachita kusefa vinyoyo ndi sefa ya tiyi. Mtundu wake unali wa tiyi wopanda mkaka, fungo la zipatso zophika zosakanikirana ndi viniga. Atsibweni analawa kamodzi, anatsinzina, n'kunditembenukira: "Mphwanga, uyu anamwalira kalekale, tangochedwa kulengeza maliro." Vinyo ameneyo anali wamkulu pa onse, ndipo anathera musinki.

Atatu otsalawo ndi amene anatikhazika mpaka pakati pa usiku.

Wa 2009 ndiye anali chida cha alamu. Anamugula kwa munthu amene ankamusunga mu firiji ya vinyo ku Johannesburg, ndipo kuno anangofika milungu ingapo m'mbuyomo. Odziwa vinyo wa ku Cape amachitchula chaka chimenechi pakati pa zaka zabwino koposa. Botolo linaimikidwa dzulo lake kuti nsenga zitsikire pansi, ndipo achemwali anathira pang'onopang'ono mu jagi, n'kusiya chala chimodzi chakuda bii m'botolomo. Mukapendeketsa tambula pa nsalu yoyera, m'mphepete mwake simufiiranso ngati magazi, mwayamba kuoneka ngati njerwa yootcha. Fungo ndilo linandigwira. Zipatso zabwerera kumbuyo, kutsogolo kwabwera fodya wouma, uja mumamumva mukayandikira kokagulitsira fodya nyengo ya malonda, ndi kafungo ka dothi mvula yoyamba ikangogwa. Atsibweni, amene bambo awo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ananunkhiza nthawi yaitali osanena kanthu. Pakamwa ndi wofewa, sakanda, amatsika mwaulemu. Vuto lake n'loti ndi mlendo wamanyazi. Ndinapanga chibwana chothira kambuzi pa nyama yanga, ndipo kuyambira pamenepo vinyoyu sindinamumvenso, anangosanduka madzi ofiira otentha pakhosi. Pofika tambula yachitatu ngakhale amene sanadye tsabola ankati fungo layamba kuchepa.

Wa 2015 ndi wina ndithu. Ameneyu ndi uja Tim Atkin, mlembi wa za vinyo wa ku Britain, anamupatsa mapointi 100 pa 100 mu 2018, ndipo kuchokera pamenepo mtengo wake unathawa. Ndinkayembekezera kuti ndimunyoze, chifukwa zinthu zotamandidwa kwambiri zimandikayikitsa. Poyamba anandipatsadi mpata: atangothiridwa anali wotseka, fungo lochepa, pakamwa wolemera. Koma atakhala mu jagi maola awiri anatseguka. Zipatso zakuda zidakalimo zambiri, kafungo ka fodya kaja kakungoyamba kumene, ndipo ukameza kukoma kumatsalira pakamwa mpaka mnzako amalize chiganizo. Ndi mchira wa ng'ombe anagwirizana kuposa onse. Mafuta a nyamayo amafewetsa kumanga kwa vinyo, vinyo naye amatsuka mafuta pa lilime, ndiye umangofuna nthongo ina ya nsima. Wa 2009 anamira mu msuzi umenewo, uyu ayi.

Wa 2017 ndinabweretsa ndine. Chinali chaka cha chilala chija chimene chinafikitsa Cape Town powerenga masiku otsala kuti mipopi iume kumayambiriro a 2018. Mpesa ukasowa madzi umabala mphesa zazing'ono, khungu lochuluka kuposa madzi, ndipo mtundu ndi kumanga kwa vinyo zimachokera m'khungumo. Usiku wa nyengo imeneyo unkazizira, choncho mphesazo sizinataye kuwawasa kwake. Mu tambula ndi wakuda, fungo la mabulosi akupsa aja amadetsa malaya a ana m'mayadi a kuno. Amamanga pakamwa ngati masuku osapsa bwino, amene anzathu kuno amati mazhanje, koma kumanga kwake n'kosalala, si kwa nkhanza. Ndi yekhayo amene anapirira kambuzi wanga, ndipo ndi nkhwani wotendera sanakangane. Achemwali, amene samwa kawirikawiri, anasankha ameneyu mosazengereza. Ine ndikuti sanafike pa wa 2015 uja, koma ali m'njira yomweyo ndipo nthawi akadali nayo yambiri.

Chinthu chimodzi chinathandiza onse atatu. Vinyo wotere amafuna kumwedwa pa madigiri 16 mpaka 18, pamene pabalaza pa ku Harare nyengo yotentha pamayandikira 30. Akafunda, mowa umakwera m'mphuno n'kukwirira zina zonse. Tinkaika jagi iliyonse mu firiji mphindi 20 tisanathire.

Ndiye mugule uti? Ngati wina akukugulitsani botolo la zaka 15 kapena kuposa, funso loyamba lisakhale mtengo, likhale kumene lakhala likugona. Yang'anani ngati vinyo watsika m'khosi mwa botolo, ngati chotsekera chatukuka, kapena ngati pali mzere womata wosonyeza kuti anadontha. Wogulitsa akayamba kuzungulira, musiyeni. Botolo losungidwa bwino ngati la 2009 lija ndi la usiku wa anthu ochepa, nyama yopanda tsabola, ndi kumwa tsiku lomwelo. Wa 2015, ngati thumba likulola, ndiye wokwana mbali zonse pakali pano. Koma kwa ambirife amene tilibe chipinda chozizira, ndipo magetsi amapita osatsanzika, nzeru ndi kugula wachinyamata ngati wa 2017, kumugoneka chogona pansi pa wadirobu m'chipinda cha kum'mwera kumene dzuwa silifika, n'kumumwa pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Malo oyenera amakhala pa madigiri 12 mpaka 15 chaka chonse, ndipo wadirobu ya ku Harare siingalonjeze zimenezo kwa zaka khumi. Amene mukungofuna vinyo wa Lamlungu masana, munda womwewo uli ndi Kadette, wotsika mtengo ndipo safuna kudikiridwa.

Tisanang'ambe nyuzipepala zija, achemwali anafunsa aliyense kuti aloze jagi imene wakonda. Alamu analoza nambala 3 molimba mtima, n'kutiphunzitsa kwa mphindi zisanu kuti kuzama kotere kumabwera ndi ukalamba wokha, ana a dzulo sangakupeze. Nambala 3 anali wa 2015. Wawo wa 2009 anali atamuika wachiwiri. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapempha achemwali kuti awatsukire botolo lopanda kanthu la 2003 lija, akaliimikenso mu kabati ku Mufakose.