Matabwa a ku Mchesi: ndinasankha ena, anandimangira ena

Ndikulemba izi bondo la mwana wanga likadali ndi chilonda, choncho mundikhululukire ngati mawu ena atuluke owawa. Nkhani yake ndi ya matabwa amene ndinagula mwezi wathawu pa shedi ina ku Mchesi, pamzere uja wa akalipentala.

Mnyamata wanga wa zaka 11 anaona Makanja kumudzi kwa agogo ake ku Mitundu, ndipo chibwerereni sanandipatse mpata. Tsiku lililonse: "Adadi, mundipangire miyendo italiitali." Za kudambwe zili ndi eni ake, ine sindizikhudza. Ndinamuuza momveka kuti chimene ndimupangire ndi choseweretsa chabe, ndodo ziwiri zogwira m'manja zokhala ndi popondera, zoti aziyendera pabwalo kwathu ku Area 25. Zofunika sizinali zambiri: matabwa awiri a 2 by 2, kachidutswa kokhuthala kodulapo mapondero, mabawuti anayi ndi manati ndi mawasha ake, sandipepa, ndi mphira ya tayala lakale yokhomera kunsi kuti ndodo zisamaterereke.

Ndinafika Loweruka cha m'ma 9 koloko. Mitengo ya matabwa masiku ano nonse mukuidziwa, sindinanenerere ngakhale pang'ono. Chimene ndinapempha n'chakuti ndisankhe ndekha. Malemu bambo anga anali mmisiri, ndipo anandiphunzitsa kuti thabwa umalinyamula kuti umve kulemera kwake, umaliyang'ana chautali ndi diso limodzi kuti uone ngati lapindika, kenako umafufuza mfundo. Ndinatembenuza mulu wonse wa paini, amene ankati ndi wa ku Chikangawa. Mwini shedi anayamba kung'ung'udza: "Bwana, matabwa awiri okha mpaka kugwetsa mulu wonse? Mukufolera nyumba kodi?" Ndinamuyankha mwaulemu kuti pamatabwa amenewa padzaima mwana wanga. Ndinapeza awiri ouma bwino, opepuka, opanda mfundo ndi imodzi yomwe. Ndinawalemba chizindikiro ndi khala, n'kulipira pa Airtel Money. Kenako ndinawauza kuti awadule pa mita imodzi ndi masentimita 80 ndi kuwapala, ine ndikagule kaye mabawuti kutsidya kwa msewu.

Pobwera ndinapeza atawamanga kale ndi linya, atawakulunga m'thumba, wa kabaza akudikira. Zizindikiro zanga sizinkaoneka, koma ndinati poti apala, khala lapita ndi zopalidwazo. Ndinaona ngati akulemerako pang'ono, mwini shediyo n'kuti, "Ndi omwe aja bwana, musakayike." Ndinamukhulupirira.

Ntchito ndinaigwira Lamulungu masana titachoka kutchalitchi. Mapondero ndinawaika masentimita 40 kuchokera pansi, lililonse ndi mabawuti awiri. Misomali ndinaikana dala, chifukwa imang'amba thabwa lopyapyala chotere ndipo imazuka munthu akamapondapo mobwerezabwereza. Masiku atatu mwana anasangalala, ana a m'makomo oyandikana akumuthamangira pambuyo. Tsiku lachinayi madzulo ndili pakhonde, iye akudutsa pasimenti pafupi ndi mpopi, ndinangomva kuti thyo! Ndodo yakumanja inathyoka pamwamba pang'ono pa popondera. Mwana anagwa chafufumimba, bondo n'kumenya pasimenti, ndipo chidutswa chosongoka chimene chinatsala m'dzanja lake chinamukala patsaya, chala chimodzi chokha kuchokera padiso. Mayi ake anakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Tinathamangira naye kuchipatala, anamutsuka ndi kumumanga, mwamwayi fupa silinathyoke. Koma usiku umenewo sindinagone. Ndinkangoona kachidutswa kaja ndi diso la mwana wanga.

Kutacha ndinatenga ndodo ija n'kuyang'ana pothyokapo. Panali mfundo yaikulu, yodutsa theka la thabwa. Dzenje la mfundoyo munthu anachita kulitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupalapo bwinobwino kuti pafanane ndi thabwa lonse. Ndinakanda ndi chikhadabo, utuchi n'kumayoyoka. M'kati mwake thabwalo linali lauwisi, likununkha utomoni. Amenewa sanali matabwa amene ndinasankha. Munthu anamva ndi makutu ake kuti ndi za mwana, koma anasinthabe.

Ndinabwerera ku Mchesi ndi zidutswa zonse m'manja. Mwini shedi sanafunse n'komwe kuti mwana ali bwanji. Mawu ake oyamba anali akuti, "Katundu akatuluka sabwerera." Achiwiri, "Paini si wokwerapo anthu, mukanagula bulugamu." Bulugamu ndi wolimba inde, koma ndi wolemera, mwana wa zaka 11 sangamanyamule ndodo ziwiri za bulugamu masana onse, komanso amang'aluka akamauma. Ndipo ngakhale akanakhala mlombwa, mfundo yomatidwa ndi utuchi ikanathyokabe. Ndinakweza mawu, anthu n'kuyamba kusonkhana.

Apa m'pamene anatulukira madala ena amene amagwira ntchito kuseri kwa shedi yomweyo, okalamba ndithu, pensulo ili kukhutu. Anatenga chidutswa chija, anachinunkhiza, n'kunena pamaso pa aliyense kuti, "Awa si amene anasankha bambowa. Ndinawaona Loweruka akulemba ndi khala." Mwini shedi anangoti zii, maso pansi. Sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepese, koma analoza mulu n'kuti nditenge ena awiri. Anandibwezeranso ya kabaza osachita kumupempha. Chimenecho ndiyenera kuchinena.

Madala aja anasankha nane limodzi, ndipo ndinaonadi kuti matabwa abwino pashedi paja alipo ambiri, ouma ndi owongoka kuposa amene ndinaona m'mashedi ena awiri tsiku lomwelo. Anandikhazika pabenchi lawo n'kundionetsa zimene sindinkazidziwa. Anati thabwa lauwisi likamauma limafota, ndiye bawuti imene unamanga zolimba lero imayamba kugwedera pakapita masabata angapo, choncho ngakhale mfundo ija pakanapanda, popondera pakanamasukabe. Anati mabowo awiri ndinawayandikizitsa kwambiri, aziyenera kutalikirana kuti thabwa lisafooke pamalo amodzi, ndipo bowo lizikhala pakatikati peni peni, lofanana ndi kukula kwa bawuti. Pansi pa popondera anaikapo kamtengo ka ngodya zitatu kochirikiza, kuti kulemera kwa mwana kusamathere pamabawuti okha. Nsonga zonse anazizunguliza ndi fayilo. Nditafunsa mtengo anati, "Mwana akachira mudzabwere naye ndidzamuone akuyenda." Ndinawakakamiza kulandira kangachepe ka sopo.

Mabawuti a muhadiweya ya kutsidya ija ndi abwino, ngakhale pa ngozi ija sanapindike, ndagwiritsanso ntchito omwewo. Sandipepa wawo ndiye ayi, mchenga unatha ndisanamalize ndodo imodzi. Mphira ndinagula kwa anyamata okonza matayala, imagwira bwino pasimenti ndi padothi pomwe.

Poyeza ntchito ya shedi imeneyi ndi nyenyezi, tsiku la ngozi ndikanapereka imodzi, mwinanso osapereka n'komwe. Lero ndikupereka zitatu, ndipo ziwiri mwa zimenezo ndi za madala aja. Mukapita kukagula pamzere umenewu, musachoke matabwa anu asanadulidwe ndi kupalidwa inu mukuona, ndipo chizindikiro mulembe kumutu kwa thabwa kumene sapalako. Akakumangirani m'thumba, masulani pomwepo.

Mwana wayambanso kuyendera ndodo zake dzana, bandeji ili pabondo. Mapondero ndawatsitsa kufika masentimita 30, ndipo amayendera paudzu pokha mpaka chilonda chipole. Loweruka likubwerali ndimutenga kuti madala aja akamuone. Mwini shedi ndikamulonjera akayamba wafunsa za mwanayo.