Alabama ya Saban: 2009, 2011 kapena 2020, ine ndinasankha kale

Chipumireni Nick Saban pa ntchito mu Januwale 2024, anzanga amene timatsata limodzi mpira wa makoleji aku America (uja wa zipewa zolimba, osati wathuwu) akhala akundifunsa funso limodzimodzi, kuti pa masizoni onse amene bamboyu anaphunzitsa Alabama kuyambira 2007, yonyaditsa kwambiri ndi iti. Zikho za dziko anatenga 6 ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, koma zitatu ndizichotseretu msanga. 2012 anagonja pakhomo kwa Texas A&M ya Johnny Manziel 29-24. 2015 Ole Miss inabwera kudzawaswa pakhomo pomwepo 43-37, olo Derrick Henry anathamanga ngati wamisala chaka chimenecho. 2017 Auburn inawakuntha 26-14 ndipo chikho anachipeza chifukwa cha mpira umodzi umene Tua Tagovailoa anaponyera DeVonta Smith mu overtime ndi Georgia. Gemu yokoma inde, sizoni yopambana ayi.

Ndiye zatsala 2009, 2011 ndi 2020, ndipo mkangano wanga weniweni uli pa 2011 chifukwa ndi imene anthu amaitchula mokweza kwambiri.

Defensi ija sindikuitsutsa. Kirby Smart, mphunzitsi wa defensi, anali ndi Dont'a Hightower, Courtney Upshaw, Mark Barron ndi Dre Kirkpatrick nthawi imodzi, matimu ankangopeza mapointi 8.2 pa gemu, ndipo chodabwitsa timu imene inawachinya mapointi ambiri chaka chonse inali Georgia Southern, katimu ka divishoni yam'munsi, 21. Zonsezo nzoona. Koma pa 5 Novembala 2011 LSU (Louisiana State University) inabwera ku Bryant-Denny, sitediyamu ya Alabama, nambala 1 kukumana ndi nambala 2, dziko lonse likuonera, ife kuno tikulimbana ndi tulo pakati pa usiku, ndiye Alabama osapeza touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, mapointi 6) olo imodzi, ma field goal (kumenya mpira ndi mwendo pakati pa mitengo, mapointi 3) anayi kulephereka, nkugonja 9-6 mu overtime pamaso pa masapota ake omwe. Gemu imeneyo imandiwawabe mpaka lero. Sikuti LSU inasewera modabwitsa, mipata Alabama inali nayo, koma mwendo wa omenya unakana.

Zotsatira zake, Alabama siinatenge SEC West, gulu lake mu ligi ya SEC, fainolo ya SEC ku Atlanta inaonera pa TV ngati ine ndi inu pamene LSU imathidzimula Georgia 42-10. Kenako BCS, ndondomeko imene inkasankha matimu awiri osewera fainolo ya dziko nthawi imeneyo, nkuipatsa mwayi wachiwiri wokumana ndi LSU yomweyo pa chikho cha dziko. Oklahoma State inali itatenga ligi yake ya Big 12, inagonja kamodzi kokha kwa Iowa State mu overtime yachiwiri, komanso gemu imeneyo anasewera patangopita tsiku limodzi ndege itagwa nkupha aphunzitsi a timu yawo ya basketball ya atsikana. Makompyuta a BCS ankakonda Oklahoma State, mavoti a anthu ndi amene anakankha Alabama. Ndine sapota wa Alabama koma chilungamo chake apa tinalowera pawindo. Zili ngati mwana amene walakwa mayeso nkumulola kulembanso pepala lomwelo, akakhoza bwino timuombera m'manja inde, koma tisamuike patsogolo pa mnzake amene anakhoza ulendo woyamba.

Mu fainoloyo ku New Orleans Alabama inakhozadi, 21-0, LSU inangoyenda mayadi 92 gemu yonse ndipo mzere wapakati inaudutsa kamodzi kokha, mu kota yomaliza. Jeremy Shelley analowetsa ma field goal asanu, touchdown yokhayo ya Trent Richardson inabwera zinthu zitatha kale. Ndiye tangoganizani, magemu awiri ndi LSU, touchdown imodzi. Imeneyo ndiye muziti timu yopambana onse? Ine ayi.

2009 ndiye ya pamtima. Magemu 14 osagonja, chikho choyamba chichokereni 1992, Mark Ingram nkukhala munthu woyamba wa Alabama kutenga Heisman, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Chaka chapitacho Florida ya Tim Tebow inali itawalepheretsa mu fainolo ya SEC, ndiye anabwerera ku Atlanta nkukabweza 32-13 mpaka Tebow kulira pa kamera. Gemu imeneyo kwa ine ndi imene inasintha zinthu mu SEC yonse. Vuto lake timu imeneyi inkapulumuka mwa mwayi nthawi zina, Tennessee ikanawina Terrence Cody akanapanda kutchinga ma field goal awiri, lomaliza nthawi ikutha, 12-10. Ndipo mu fainolo ndi Texas, Colt McCoy, woponya mpira wa Texas, anavulala paphewa gemu itangoyamba, anyamata a Saban nkulimbana ndi kamnyamata ka chaka choyamba kamene kanalowa m'malo mwake, Garrett Gilbert, komabe kanawathamangitsa mpaka 24-21 Alabama isanathawe nkumaliza 37-21. Anthu aku Texas sanasiye kudandaula za McCoy ndipo sindiwanena.

2020 anthu amaichepetsa chifukwa cha Covid, eti masitediyamu analibe anthu okwanira. Chabwino, koma onaninso mbali inayo. Chaka chimenecho panalibe timatimu tija todyera mapointi mu Seputembala, magemu 10 onse anali a SEC okhaokha, kenako Florida 52-46 mu fainolo ya SEC, Notre Dame 31-14 mu semifainolo, Ohio State 52-24 mu fainolo ya dziko. Osagonja, mapointi opitirira 48 pa gemu. Jaylen Waddle anathyoka kakolo ku Tennessee koma makina sanazime, Saban mwiniwake anadwala Covid osapezeka pa gemu ya Auburn, womuthandiza wake Steve Sarkisian nkugwirizira, 42-13. DeVonta Smith anatenga Heisman, wide receiver (wogwira mipira yoponyedwa) woyamba chichokereni Desmond Howard mu 1991, ndipo mu fainolo anagwira mipira 12, mayadi 215 ndi ma touchdown atatu hafu yoyamba yokha. Mac Jones ndi Najee Harris osawaiwala.

Chilema chake defensi, Ole Miss ya Lane Kiffin inawachinya 48 ndipo Florida 46, zinthu zimene Saban wa 2011 akanaphwanya nazo ma headset. Koma magemu awiri onsewo anawina, ndipo palibe komiti kapena voti imene inafunika kuwakomera mtima.

Ndiye amene mumandifunsa aja, 2020 nambala 1, 2009 ikutsatira pafupi kwambiri moti tsiku lina mukandipeza ndikuonera Tebow akulira ndikhoza kuzisinthanitsa. 2011 ikhale yachitatu, ndipo amene akufuna kuikweza ayambe wandiuza kuti Oklahoma State inalakwa chani.