Masiku 7 pa sitima yapamadzi ndi ana awiri: nyenyezi 4 pa 5

Ndemangayi ndi ya ulendo wa masiku 7 pa sitima yaikulu yapamadzi, m'chipinda cha anthu anayi chokhala ndi khonde, ndi ana a zaka 7 ndi 2. Sitimayo inanyamuka ku Barcelona, n'kuima ku Palma de Mallorca, Marseille, La Spezia, Civitavecchia ndi Naples, kenako tsiku limodzi lathunthu panyanja pobwerera. Chakudya, ukhondo ndi kasamalidwe ka ana n'zosadandaulitsa. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa otsatsa amangoti ana ndi olandiridwa, osanena kuti pafupifupi chilichonse m'sitimamo chimayendera msinkhu wa mwana. Wa zaka 7 amapeza zonse zili zotsekula. Wa zaka 2 amapeza zitseko zambiri zotseka, ndipo kholo limadziwa zimenezi litalipira kale.

Tiyambe ndi malire a msinkhuwo. Makampani ambiri salola khanda losakwana miyezi 6, ndipo pa maulendo owoloka nyanja yaikulu kapena okhala ndi masiku angapo otsatizana osaima padoko amafuna miyezi 12. Mayi woyembekezera amene afike milungu 24 ulendo usanathe saloledwa kukwera, chifukwa chipatala cha m'sitima chilibe zida zosamalira mwana wobadwa masiku asanakwane. Malire amene amapweteka mabanja ambiri ndi a zaka 3 ndi thewera. Kalabu ya ana yaulere imalandira mwana wa zaka 3 kupita m'tsogolo amene amapita yekha kuchimbudzi. Wocheperapo amapita ku chipinda cha makanda cholipira pa ola, malo ake ndi ochepa, ndipo maola a madzulo amatha kusungitsidwa tsiku loyamba lomwelo. Mukangokwera, pitani kumeneko musanapite kukadya.

Dziwe losambiramo nalonso salola mwana wovala thewera, ngakhale thewera losambira nalo. Chifukwa chake n'chomveka: thewera lotere limagwira chimbudzi koma tizilombo timadutsa, maiwe a m'sitima ndi aang'ono, ndipo ngozi ikachitika amatseka dziwe, kukhuthula madzi onse n'kuyeretsa kwa maola. Sitima zina zili ndi kabwalo ka madzi othovoka ka makanda komwe kali ndi makina ake osefera madzi. Funsani za sitima yeniyeniyo, ndi dzina lake, chifukwa sitima ziwiri za kampani imodzi zimasiyana. Imene ndikunenayi inalibe kabwalo kotere, ndipo kuuza mwana wa zaka 2 kuti ayang'anire mkulu wake akusambira kwa mlungu wathunthu ndi ntchito yolemetsa. Kabeseni kopopa kamene kamapindika n'kulowa m'sutikesi kamathandizako pakhonde, komanso posambitsa mwana.

Pa chipinda ndi pamene muyenera kukhalira pansi musanalipire. Cha khonde cha anthu anayi chimakhala pafupifupi masikweyamita 16 mpaka 18. Muli bedi lalikulu limodzi, sofa wosanduka bedi, ndi bedi lina lotsika kuchokera kudenga limene wosamalira chipinda amalitsitsa madzulo n'kulibwezera m'mawa. Bedi lakumwambalo lili ndi kachitsulo kotchinga, koma mwana wosakwana zaka 6 asagonepo. Kabedi ka khanda kamaperekedwa ulere, koma muyenera kukapempha pogula tikiti chifukwa n'towerengeka. Sofa akatambasulidwa ndipo kabedi kakaikidwa, njira yopita pakhonde imatsekeka ndipo munthu amayenda cham'mbali. Masutikesi amalowa kunsi kwa bedi lalikulu ngati si onenepa kwambiri. Kangolo kokankhira mwana kakhale kopinda, chifukwa zitseko za zipinda n'zopapatiza ndipo kusiya katundu m'njira n'koletsedwa.

Kubafa kuli shawa yokha. Chimbudzi ndi chokoka ndi mpweya, chimalira ngati chikumeza nyumba, ndipo ana ambiri aang'ono amachiopa. Vindikirani, tulutsani mwana, kenako dinani batani. Musaponyemo tinsalu tonyowa topukutira mwana, ngakhale tolembedwa kuti timasungunuka: mapaipi ndi opyapyala ndipo ndi amodzi ndi a zipinda zoyandikana, choncho kansalu kamodzi kamatseka zimbudzi za mzere wonse. Makoma a chipinda ndi achitsulo. Ndowe za maginito 6 kapena 8 zimanyamula zipewa, zovala zosambira ndi makadi otsegulira chipinda, ndipo zimapulumutsa malo kuposa chinthu china chilichonse chimene mungalongedze. Masoketi a magetsi ndi ochepa, koma chingwe cha masoketi ambiri chokhala ndi chitetezo cha magetsi okwera mwadzidzidzi amalanda pachipata, chifukwa mawaya a m'sitima amalumikizidwa mosiyana ndi a m'nyumba ndipo chipangizo chotere chingathe kutentha n'kuyambitsa moto. Simbi, ketulo ndi makandulo nazonso amalanda. Tengani tchaja imodzi ya mabowo a USB angapo.

Za khonde ndinene mosabisa. Mpanda wake ndi wopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo chitseko chili ndi loko yapamwamba imene mwana safikira. Ngozi ili pa mipando ndi kathebulo: mwana akakwerapo, mpanda uja umamufika m'chiuno. Pemphani wosamalira chipinda achotse kathebuloko, ndipo mwana asatuluke pakhonde popanda wamkulu ngakhale kwa mphindi imodzi. Ngati mwana wanu ndi wokwerakwera, chipinda cha zenera chimakupatsani tulo tabwino kuposa cha khonde, ndipo n'chotsika mtengo.

Malo a chipinda m'sitimamo ndi ofunika monga kukula kwake. Sitima imapendekera kutsogolo ndi kumbuyo ngati katungwe, ndipo pakati, m'nsanja zam'munsi, ndi pamene pamagwedezeka pang'ono. Yang'anani mapu a sitimayo n'kusankha chipinda chimene pamwamba ndi pansi pake pali zipinda zogona zokhazokha. Chokhala kunsi kwa dziwe kapena kwa malo odyera chimamveka mipando ikukwekweretsedwa kusanache. Pa njira imeneyi, pafupi ndi Marseille pamawomba mphepo yamphamvu yotchedwa mistral, ndipo usiku umenewo ndi umene umayesa mimba za ana. Mwana akayamba kuyasamula pafupipafupi, kutuwa nkhope ndi kukana chakudya, nseru yayamba. Mutulutseni kumphepo, ayang'ane kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, achoke pa foni, adye mabisiketi ouma ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. Mankhwala a nseru amagwira bwino akamwedwa mafunde asanayambe, ambiri saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 2, ndipo kapepala komata kuseri kwa khutu si ka ana. Mlingo wake mufunse dokotala musananyamuke.

Mapepala ndi achidule kunena koma ndi amene amabweza anthu pachipata. Pasipoti ya aliyense, ya khanda yomwe, ikhale ndi miyezi 6 yotsala ulendo ukatha. Spain, France ndi Italy ali m'dera la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, choncho amene pasipoti yake imafuna viza aikonze nthawi ikadalipo. Kholo loyenda lokha ndi mwana litenge kalata ya chilolezo yosainidwa ndi kholo linalo ndi kudindidwa, ndipo ngati maina a bambo akusiyana, chikalata cha kubadwa chikhalepo. Inshulansi ikhale yotchula ulendo wa pa sitima, chifukwa chipatala cha m'sitima n'cholipira ndipo kusamutsira wodwala kumtunda ndi ndalama zambiri. Fikani mumzinda wa doko tsiku limodzi sitima isananyamuke. Ndege ikachedwa, sitima sidikira.

Tsiku lokwera ndi limene linakonzedwa moperewera. Masutikesi amatengedwa pakhomo la doko ndipo amafika kuchipinda madzulo, nthawi zina chakudya chamadzulo chitadutsa. Zipinda zimatsegulidwa cha m'ma 1 koloko kapena 2 koloko masana. Maola onsewo banja limakhala ndi chikwama cham'manja chokha, choncho muikemo mapasipoti, mankhwala onse, matewera 6, zovala zosinthira za mwana aliyense, zosambira, mafuta oteteza kudzuwa, botolo la madzi ndi chidole chimene mwana sagona popanda icho. Matewera a ulendo wonse muwerengere 6 pa tsiku, masiku 9 kuphatikiza a panjira, ndiye kuti 54. Sitolo ya m'sitima imakhala yotseka sitima ikakhala padoko, ndipo saizi ya mwana wanu mwina simuipeza. Mkaka wa m'chitini ndi chakudya cha khanda mubwere nazo zosatsegula.

Sitima isananyamuke pamakhala maphunziro a zoyenera kuchita pa ngozi, ndipo apa ndiyamikire kwambiri. Lamulo lakuti maphunzirowa achitike sitima isanachoke kapena itangochoka padoko linakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya sitima ya Costa Concordia, imene inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy mu January 2012 n'kupha anthu 32, ena mwa okwera asanaphunzitsidwe n'komwe. Masiku ano mumaonera kanema pa foni kapena pa TV ya m'chipinda, kenako n'kupita ndi banja lonse kumalo anu osonkhanirako kuti ogwira ntchito akajambule makadi anu a chipinda. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwa huta kwakufupi ka 7 ndi kumodzi kwakutali, ndipo pochiyesa tsekani makutu a mwana chifukwa chimagonthetsa. Ana aang'ono amavekedwa chibangili cholembedwa malo awo osonkhanirako, ndipo sachivula mpaka ulendo utatha. Alamu ikalira mwana ali ku kalabu, ogwira ntchito ndi amene amam'bweretsa kumalo amenewo. Kholo lothamangira ku kalabu limasemphana naye. Onetsetsani kuti m'chipinda kapena kumalo osonkhanirako muli jekete zoyandamitsa za msinkhu wa mwana aliyense, ndipo ya khanda muipemphe tsiku lomwelo.

Kalabu ya ana ndi gawo limene ndalama zake zimaoneka. Ana amagawidwa m'magulu a misinkhu, zipinda n'zoyera, ndipo potenga mwana amafuna kadi ya kholo lolembetsedwa. Ana okulirapo angaloledwe kutuluka okha ngati kholo lasaina, koma pa ulendo woyamba musasaine. Sitima ya nsanja zoposa 15, yokhala ndi tinjira tofanana mbali zonse, imasokoneza ngakhale akuluakulu. Kalabu imatseka pa nthawi ya chakudya masiku ena, ndipo usiku kwambiri imayamba kulipiritsa pa ola.

Chakudya ndi chambiri ndipo n'chabwino. Malo odyera aakulu ali ndi nthawi ziwiri, cha m'ma 6 koloko ndi cha m'ma 8:30 usiku. Yoyambayo imadzaza msanga ndi mabanja, choncho isankheni pogula tikiti. Chakudya cha kumeneko chimabwera mbale ndi mbale kwa ola limodzi ndi theka, nthawi yoposa chipiriro cha mwana wa zaka 2. Uzani woperekera zakudya usiku woyamba kuti mbale ya ana izibwera pamodzi ndi yoyamba ya akulu, ndipo amakumbukira mlungu wonse. Mwana amene thupi lake limadana ndi zakudya zina alembetsedwe ulendo usanayambe ndipo azidya kumeneko, kumene amakonza mbale yake payokha. Kumalo odzitengera wekha supuni zimasinthana mbale. Kumeneko n'kumenenso kachilombo ka norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba, kamafalikira kudzera m'zogwirira. Mankhwala opaka m'manja sakapha bwino. Sopo ndi madzi kwa masekondi 20 musanadye ndiye chitetezo chenicheni, ndipo wodwala amauzidwa kukhala m'chipinda mpaka atachira.

Pa madoko, sankhani potsika, musayese kutsika pa onse. Civitavecchia amailengeza ngati Rome, koma mzinda wa Rome uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndipo basi ya m'doko, sitima yapamtunda ndi kuyenda pansi zimadya maola oposa atatu kupita ndi kubwera. Pompeii, mabwinja a mzinda wakale kumene anthu amapita kuchokera ku Naples, ili ndi misewu ya miyala ikuluikulu imene kangolo sikayendamo ndipo mthunzi ndi wosowa, choncho mwana wamng'ono amafunika kubereka. Palma ndi yofewa kwa ana. Tsiku limodzi khalani m'sitima anzanu atatsika: maiwe ndi matsetsereko a madzi amakhala opanda mzere. Mukatsika paokha, dziwani kuti nthawi yobwerera imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke, ndipo amene amadikiridwa ndi okhawo anapita ndi ulendo wogulidwa m'sitima. Jambulani tsamba la pulogalamu ya tsikulo limene lili ndi nthawiyo ndi nambala ya woimira sitima padoko.

Bilu yomaliza ndi chifukwa china cha nyenyezi yochotsedwa ija. Kadi ya chipinda ndiyo kiyi, chiphaso ndi chikwama cha ndalama nthawi imodzi. Ndalama yothokozera ogwira ntchito imawonjezedwa tsiku lililonse pa mutu uliwonse, nthawi zambiri ndi ana omwe. Zakumwa zoziziritsa kukhosi, zithunzi, intaneti ndi makina a masewera zili kunja kwa mtengo wa tikiti, ndipo mwana wa zaka 7 amangogunditsa kadi pamakina osadziwa kuti ndi ndalama. Pitani ku desiki yothandiza alendo tsiku loyamba mukatseketse kugula pa makadi a ana. Mafoni onse akhale pa airplane mode sitima ikachoka padoko, chifukwa panyanja amalumikizika okha ku netiweki ya setilaiti ya m'sitima imene mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Bilu muziiona pa TV ya m'chipinda masiku awiri alionse, osadikira m'mawa womaliza pamene mzere wa padesiki umafika pa makwerero.

Usiku womaliza masutikesi amaikidwa panja pa chitseko cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo mumakawapeza kumtunda m'mawa. Musanatseke zipi, patulani zovala ndi nsapato za aliyense zovala mawa, matewera 4, mankhwala ndi mapasipoti, ndipo tsegulani kabokosi kosungiramo zamtengo wapatali muone ngati mwatsala kanthu. Chipinda amafuna chikhale chopanda munthu cha m'ma 8 koloko m'mawa.